Mpanda Wokhota

Lachiwiri, 12 Seputembala

Wasila wandibweretsera kope lomwe ndimalembamo za mwezi ndi kuphwa kwa nyanja. Akuti ndizilembamo zonse zomwe madokotala akunena, chifukwa ndikamufotokozera pakamwa ndimachotsera zina. Mkazi wanga amandidziwa, takhala limodzi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.

Ndinafika kuno kuchipatala cha ku Sfax Lamlungu m'mawa pa sitima yoyamba yochokera kwathu kuchilumba cha Kerkennah. Anandinyamula ndi Lotfi, mwana wa malemu mkulu wanga. Mwendo wamanzere unali utatupa mpaka m'bondo, uli ndi matuza akuda. Tsiku lomwelo ananditengera ku fiyeta kukachotsa mnofu wowola pakatumba.

Ndili pa bedi nambala 4, pafupi ndi zenera loyang'ana khoma. Kutentha thupi 39.4. Shuga magalamu 3.1 pa lita, wakwera kwambiri. Diripi kudzanja lamanja, choncho ndikulemba mokhotakhota.

Dokotala Emna, mayi wamfupi woyenda mofulumira, anandifunsa Lamlungu kuti ndinavulala bwanji. Ndinati anandicheka waya kumunda wa nkhuyu. Wasila anali ataima pomwepo. Ndinanama.

Lachitatu, 13 Seputembala

Tsiku la muno limayamba ndi namwino wobaya chala, kenako tiyi wopanda shuga ndi buledi, kenako gulu la madokotala.

Dokotala Emna wabwera ndi pepala la ku labu. Amanditchula Si Tijani, chifukwa kuno "Si" ndi mawu aulemu ngati "bambo".

"Si Tijani, waya wa kumunda kwanu amakhala m'madzi amchere?"

"Bwanji, dokotala?"

"Kachilombo komwe tapeza m'bala mwanu sikakhala pa waya. Kamakhala m'nyanja, ndipo kamachuluka madzi akafunda ngati chaka chino. Dzina lake ndi vibiriyo. Mukanandiuza zoona Lamlungu, sitikanataya masiku atatu ndi mankhwala ongoyerekeza. Chinakulumani n'chiyani?"

"Nkhanu yabuluu," ndinatero, maso ali pa bulangete.

Wasila anali pampando akusenda peyala. Iye pamodzi ndi dokotala wa kwathu anandiletsa kuponda m'madzi chifukwa cha shuga ndi kachilonda ka pachidendene. Wamaliza kusenda, waika peyalalo pambale, wapinda mpeni. Wasila akakwiya sakalipa, amangotseka pakamwa, ndipo pamatha kukhala potseka sabata yathunthu.

Mankhwala asintha. Ndakopera pabotolo: sefitiriyakisoni, kawiri patsiku mumtsempha. Dokisisayikilini, mbulu m'mawa ndi madzulo. Kutentha 39.1.

Lachinayi, 14 Seputembala

Ku fiyeta kachiwiri. Ndasanza kawiri. Sindingathe kulemba.

Loweruka, 16 Seputembala

Zala ziwiri zazing'ono za kuphazi zapita, ndi mnofu wina wa pakatumba. Dokotala Emna akuti mwendo utsala, Mulungu akalola. Kutentha 38.2.

Ndayang'ana pansi pa bulangete kamodzi kokha. Ndikuopa.

Lamlungu, 17 Seputembala

Lero ndamwa supu yense. Wasila wabwerera kuchilumba kukaona nkhuku, ndiye ndilembe zomwe sindinauze munthu.

Sharafiya yanga ndi mpanda wa nthambi za kanjedza wozikidwa m'madzi osaya, m'dera la nyanja lomwe anandisiyira bambo anga. Nsomba zimatsata mpandawo madzi akamaphwa mpaka kulowa m'miono. Wa munthu aliyense umayenda mowongoka. Wanga ukafika pakati umakhota ngati chigongono, kenako n'kubwerera mumzere. Kudoko amandiseka nawo chaka ndi chaka. Amati Tijani amazika mpanda ataledzera, chikhalirecho sindinalawepo dontho.

Unakhota chifukwa cha mwana wanga Ziyadi. Chaka china tikuzika nthambi, iye ali mnyamata wa zaka 17, anaponda m'udzu wa pansi pa madzi n'kupeza nkhono zoimirira, zija zazikulu zomwe zimazika nsonga m'matope, chigoba chake n'kufika m'bondo. Zinalipo zoposa makumi atatu pamalo amodzi. Anati, "Bambo, tizilambalale. Zinafika kale ife tisanabwere." Ndinamukalipira kuti tiwononga nthambi zambiri, koma tinalambalala.

Ziyadi anakwera boti lopita ku Italy zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Botilo silinafike. Kuyambira tsiku limenelo Wasila sanatchulepo dzina lake, ndipo sanakwereponso bwato langa. Pa sitima amakhala m'kati, msana ku zenera.

Kenako kunabwera matenda a nkhono. Nyanja yonse zinafa, zigoba zikungoima zili kukamwa yasa, m'kati mopanda kanthu. Zathu zinatsala zisanu ndi ziwiri. Yamoyo imadziwika ukadutsitsa dzanja pamwamba pake: imatseka pakamwa pang'onopang'ono. Ndimapita mwezi uliwonse kukadutsitsa dzanja. Loweruka lomwe ndinavulala lija madzi anali ofunda ngati osamba khanda, ndipo ndinafuna kudziwa ngati zapirira. Zinatseka zonse zisanu ndi ziwiri. Pobwerera kubwato ndi pomwe nkhanu inandigwira pakakolo.

Sindinauze munthu za malowo. Kudoko kukamveka nkhani m'mawa, masana zigoba zili kale pa sitolo ya alendo.

Lachiwiri, 19 Seputembala

Kutentha 37.6. Shuga 2.0. Kutsuka bala kumatenga mphindi makumi anayi, ndipo ndimaluma thaulo.

Pa bedi nambala 3 pali Si Sadok, mlimi wa azitona wa kumtunda ku Sidi Bouzid. Ndi wamkulu kwa ine, shuga anamudya phazi lonse lamanja, koma pakamwa pake ndi pamoyo. Nyanja anaiona koyamba ali mu ambulansi. Nsomba sadya, akuti sakhulupirira nyama yosaphethira.

Dokotala Emna wabwera ndi pepala loti ndisayine. Akuyesa nsalu yatsopano yomangira mabala, yopangidwa ndi ufa wa zigoba za nkhanu. Akuti m'zigobamo muli chinthu chothandiza magazi kuundana ndi kuchepetsa tizilombo, ndipo akufuna kudziwa ngati mabala aakulu ngati langa amamera msanga mnofu. Ndikavomera azijambula balalo, ndipo kamodzi pa sabata azitapapo kamnofu.

"Kochuluka bwanji?"

"Ngati kambewu ka mpunga. Mukakana palibe mlandu, tikusamalirani chimodzimodzi."

"Nkhanu zake ziti?"

"Zabuluu. Za kwanu komweko."

Si Sadok anaseka mpaka kutsokomola. "Sayina, msodzi iwe. Inakudya mwendo, tsopano ibweze. Kwathu mbuzi ikadya mmera wa mnzako, mwiniwake amalipira."

Ndasayina. Nsaluyo ndi yoyera, yofewa, sinunkha nkhanu. Ndinainunkhiza.

Lachinayi, 21 Seputembala

Lotfi wabwera ndi makangaza atatu. Ndi mwana wabwino, wamphamvu, koma amayankhula asanaganize, ndipo amayenda m'madzi ngati ngamila. Amanditchula ami, mawu athu otanthauza bambo wamng'ono.

"Ami Tijani, musadandaule za sharafiya. Nthambi ndadula kale, zikuuma. Loweruka pa 7 Okutobala madzi aphwa bwino, ndapeza amuna anayi. Tikoka tcheni pansi kuchotsa zitsa zakale, kenako tizika. Ndipo chaka chino ndikuwongolerani. Mukatuluka mudzapeza mzere ngati wa injiniya."

Mzere wowongoka umadutsa pakati penipeni pa nkhono. Tcheni likhoza kuzizula zonse paulendo umodzi.

"Uzike momwe ndimazikira. Pokhota pakhote."

"Chifukwa chiyani, ami? Pamapita nthambi mazana awiri zaulere, nsomba zina zimathawira pomwepo."

"Chifukwa ndanena ine."

"Chabwino, chabwino," anatero, akusisita phewa langa ngati la mwana wodwala malungo. Chabwino wa Lotfi ndimamudziwa.

Atapita, Si Sadok anatembenukira kwa ine. "Pakhotapo unakwirirapo golide?"

"Gona, mlimi."

"Ine ndagona kale miyezi iwiri. Ndangofunsa."

Loweruka, 23 Seputembala

Bala layamba kufiira bwino m'mbali. Atapa kambewu ka mpunga koyamba, sikanapweteke kuposa kutsuka. Kutentha 37.2. Ndakhala pampando ola lathunthu.

Wasila watsegula pakamwa patatha masiku khumi. Mawu ake oyamba: "Ndevu zimenezo mukuweta za ulendo wa Haji?" Wandimeta yekha ndi madzi a m'kapu. Ndinamva chisoni chachikulu pa zomwe ndamuchititsa.

Kwatsala masiku khumi ndi anayi kuti Lotfi akoke tcheni.

Lolemba, 25 Seputembala

Dokotala Emna walowa ndi mlendo, mtsikana wamtali wakupsa ndi dzuwa, chikwama kumsana. Ndinamuzindikira asanafike pabedi. Ndi Ons, wa ku malo ofufuza za nyanja. Mu Juni anabwera kudoko kwathu ndi chithunzi cha nkhono yoimirira, akufunsa msodzi aliyense ngati anaonapo yamoyo. Ine ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti zinatha zonse.

Amagwira ntchito limodzi ndi Dokotala Emna. Wodwala vibiriyo akabwera, Ons amapita kukatunga madzi pomwe munthuyo anavulalira, kuti adziwe malo ndi miyezi yoopsa, achenjeze asodzi ena.

"Ami Tijani, tinaonana kudoko. Nkhanuyo inakugwirani pati?"

"Cha kumpoto. Sindikukumbuka bwino."

"Msodzi wa ku Kerkennah kuiwala pomwe anaponda?" anatero Si Sadok, akuyang'ana kudenga.

Ons anangomwetulira, natseka kope lake. Akunyamuka ndinamufunsa ngati nkhono zija anazipeza. Anati chaka chonse wapeza ziwiri zokha, ndipo imodzi inafa mu Ogasiti.

"Tiyerekeze munthu wina atazipeza," ndinatero. "Mnzanga wina. Mungazitenge?"

Anakhalanso pansi. "Poyamba anzathu a maiko ena ankazizula n'kukaziika m'mathanki kuti azipulumutse. Zambiri zinafera momwemo. Ine sindizula. Yomwe yapulumuka matenda aja ili ndi china chake m'thupi chomwe zinzake zinalibe, ndipo ndicho tikufuna kudziwa. Timaika kamtengo pakamwa pake kuti isatseke, n'kutapa kamnofu m'mphepete, basi. Imapola."

"Kochuluka bwanji?"

Anayang'ana dokotala, dokotala anayang'ana mwendo wanga. "Ngati kanu," anatero Dokotala Emna.

Ons anandisiyira nambala yake pa kapepala. "Mnzanuyo mumuuze asachedwe. Ziwiri zokha sizingaswane, zili kutali ndi kutali. Zikanapezeka zingapo pamalo amodzi, ikanakhala nkhani ina."

Kapepalako ndakaika m'kope muno.

Lachitatu, 27 Seputembala

Tsiku la Maulidi, lokumbukira kubadwa kwa Mtumiki. Wodi yonse yadzaza mbale za asida, phala lotsekemera la njere za paini, lakuda pansi, loyera pamwamba, mtedza utayalidwa mwaluso. Ife a shuga tikungomeza mate. Mpongozi wa Si Sadok wabweretsa mbale yaikulu, namwino waiyang'ana n'kunena kuti supuni imodzi aliyense. Si Sadok wafunsa ngati chipatala chili ndi supuni yopakulira supu.

Wasila wandiphikira kusikusi, timibulu tathu ta tirigu, ndi nsomba, wopanda mafuta ambiri. Nsomba zake ndi zogula, ndinadziwa nditangolawa, koma sindinanene.

"Lotfi akuti munamuuza zokhotetsa mpanda," anatero akupukuta mbale. "Akuti kunali kutentha thupi kumayankhula. Akufuna akudabwitseni."

"Umuuze kuti ndinali bwinobwino."

"Ndimuuza chifukwa chake chiti? Inenso zaka zonsezi sindichidziwa."

Kuti ndimuuze ndiyenera kutchula dzina lomwe iye salitchula.

Lachisanu, 29 Seputembala

Sefitiriyakisoni asiya, diripi achotsa. Shuga 1.5. Bala lachepa m'mbali ndi sentimita imodzi ndi theka kuyambira pa 19. Dokotala Emna akuti n'zabwino, koma sangadziwe ngati ndi nsalu ya nkhanu kapena thupi langa mpaka ataona odwala ambiri. Ndimamukonda chifukwa sakometsera. Lachiwiri asenda khungu pantchafu kuti amate pakatumba.

Ndinamufunsa kuti ndidzaponda liti m'madzi.

Anakoka mpando. Dokotala akakoka mpando, nkhani si yabwino.

"Si Tijani, khungu lomata ndi lopyapyala, ndipo shuga wanu sapita. Kachilombo kaja kakakupezaninso, sitidzakambirana za zala. M'bwato mukhoza kukwera mutavala jombo, nyengo yozizira. Koma kuyenda m'madzi osaya monga munkachitira, ayi. Osati chaka chino, osati chaka chamawa."

Ndinati zikomo. Ndinaphunzira kuyenda m'madzi amenewo ndisanaphunzire kuwerenga.

Lamlungu, 1 Okutobala

Si Sadok atuluka mawa. Ana ake amupangira kale ndodo za mtengo wa azitona. Masana ano, ena onse ali mtulo ta chakudya, anandiitana.

"Msodzi, ine sindidziwa chomwe wabisa m'madzimo, ndipo sindikufuna kudziwa. Koma ndakuona. Tsiku lililonse umatulutsa kapepala ka mtsikana uja, n'kukabwezanso. Kang'ambika ndi kupinda."

"Si zanga zokha. Ndi za mwana wanga."

"Mwanayo ali kuti?"

Ndinamuuza. Kanali koyamba kuuza mlendo. Si Sadok anapukuta m'maso ndi ngodya ya bulangete.

"Mulungu amuchitire chifundo. Koma tamvera, m'bale wanga. Iwe sudzapondanso kumeneko, dokotala wanena ndikumva. Loweruka mwana wa mkulu wakoyo akoka tcheni lake ndi mtima woyera. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ukuopa mkazi wako kuposa tcheni?"

"Kuposa tcheni," ndinatero.

"Ndiye uli ndi nzeru. Komabe umuuze."

Wandisiyira botolo la mafuta a azitona a m'munda mwake. Akuti ndizithira pa nsomba, mwina zingasanduke chakudya.

Lachiwiri, 3 Okutobala

Amata khungu. Pantchafu pakuwotcha kuposa pabala. Ndisagwedeze mwendo masiku asanu. Bedi nambala 3 lili ndi munthu wina, sayankhula.

Masiku anayi.

Lachitatu, 4 Okutobala

Ndamuuza Wasila.

Anabwera masana ndi supu wa balere. Ndinadikira amalize kukonza pilo, kenako ndinamupatsa kope lino, nditatsegula pa 17 Seputembala. Wasila amawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Ndinaona pomwe chala chinaima. Chinakhala pa dzinalo nthawi yaitali, kenako chinapitirira.

Atamaliza anatseka kope n'kuliika pamiyendo.

"Zaka zisanu ndi chimodzi mumapita kukacheza naye nokha," anatero. "Ine mumandisiya ndi nkhuku."

"Ndinkaopa kukupweteka."

"Munkaganiza kuti sizikundipweteka ndili kunyumba?"

Ndinalira, ine munthu wa zaka 63, pamaso pa wodi yonse. Iye sanalire. Anatenga supuni n'kuyamba kundimwetsa supu ngati manja ndilibe.

"Pali china chomwe sindinalembe," ndinatero. "Yaikulu kuposa zonse ili payokha, cha kum'mawa, chigoba chake chobenthuka pakona. Anaipatsa dzina."

"Dzina lanji?"

"Lala Wasila, dona wamkulu. Ankati ukangoiyandikira imatseka pakamwa, ndipo sudziwa chomwe walakwa."

Supuni inaima m'mwamba. Sindinadziwe ngati aseka kapena alira. Anangoti, "Imwani, akuzizira."

Lachinayi, 5 Okutobala

Ndaimbira Ons m'mawa. Ndinati, "Mwana wanga, mnzanga uja ndi ine. Zilipo zisanu ndi ziwiri." Anafunsa ngati ndanena ziwiri. Ndinabwereza. Sanandikumbutse za bodza la mu Juni, Mulungu amudalitse.

Ndamupatsa malamulo anga. Asazule ngakhale imodzi. Asalembe malowo papepala lomwe aliyense angawerenge. Madzi ake a vibiriyo akatunge pomwepo, ndi pomwe nkhanu inandigwira. Wavomera zonse.

Kenako Lotfi. Wasila anagwira foni, ine ndikuyankhula.

"Ami, bwanji simunanene kalekale? Ndikanazikoka ndi tcheni ine, zinthu za Ziyadi." Lotfi ndi Ziyadi anakulira limodzi.

"Chifukwa pakamwa pako ndi wailesi ya kudoko."

"Ndilumbira pa Buku, ami."

"Lumbira, komanso amuna anayi aja uwachepetse. Tenga awiri osakonda kucheza pomwera khofi."

Ndinamupatsa zizindikiro. Nsanja ya mzikiti ilunjike pa thanki ya madzi. Kanjedza wopendekeka alunjike pa kanyumba koyera ka manda a shehe. Pomwe mizere iwiriyo yakumana, aponye nangula patali, atsike, ayende mokweza mapazi. Udzu ndi wautali, nkhono sizioneka msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Lotfi kudekha alibe.

Wasila anandilanda foni. "Lotfi, Loweruka undidikire padoko. Ndikwera nawo."

Atadula ndinamuyang'ana.

"Mwanayo ali ndi mapazi a ngamila, mwanena nokha," anatero, akupinda thaulo lomwe linali lopinda kale. "Ndipo jombo zanu zikungokhala."

Lachisanu, 6 Okutobala

Wasila wakwera sitima ya masana. Kutentha 36.9. Shuga 1.4. Namwino akuti ndasiya theka la chakudya, alemba.

Loweruka, 7 Okutobala

Madzi aphwa cha m'ma 10 koloko. Ndayang'ana khoma la pazenera m'mawa wonse, ndikuyenda nawo m'mutu: apa adutsa miyala, apa aona thanki, apa azimitsa injini. Mwezi wathunthu wapita osadutsitsa dzanja, ndipo madzi anali ofunda kwambiri.

Foni siinalire mpaka madzulo. Anali Lotfi, mphepo ikuwomba m'mawu ake. Anati azakhali ake, Wasila, amuletsa kunena chilichonse, abwera okha mawa. Anangowonjezera kuti nthambi zinaperewera, akadulanso zina.

Nthambi zimaperewera mpanda ukakhota.

Lamlungu, 8 Okutobala

Atsegula bandeji m'mawa. Dokotala Emna akuti khungu lagwira pafupifupi lonse, kupatula kakona kamodzi. Ndikhoza kutuluka pakatha masiku khumi.

Wasila wafika ndi sitima ya 11 koloko. Mphuno yake yapsa ndi dzuwa. Wakhala pampando, waika dengu pansi, wamasula mpango n'kuumanganso. Sindinamufulumize.

"Zinayi," anatero. "Zitatu zili kukamwa yasa. Mtsikana uja analowetsa dzanja, munali mchenga ndi kansomba."

Ndinatseka maso. Zitatu m'mwezi umodzi.

"Musatero. Mtsikanayo analumpha m'madzi ngati wapeza ana amapasa. Akuti zinayi pamodzi sanazionepo chiyambire matenda. Watapa timinofu take, waika chizindikiro pansi pa madzi poti munthu wa pabwato sangaone. Akuti chilimwe chikubwerachi adzamangirira matumba a ukonde pampanda wanu, mwina tiana ta nkhono tingagweremo. Lotfi wakhotetsa mpanda kuposa inu. Kudoko ayamba kale kunena kuti ndi matenda a m'banja."

"Unatsika m'madzi?"

"Jombo zanu n'zazikulu, ndinaika nsanza kumapazi. Madzi anafika m'chiuno."

Anatulutsa khangaza m'dengu n'kuyamba kulisenda. Ndinaopa kufunsa, koma ndinafunsa.

"Nanga yobenthuka pakona?"

"Ndinaipeza ndekha. Iwo ankafufuza kumadzulo." Anathyola khangazalo pakati. "Ndinawerama, ndinadutsitsa dzanja momwe munalembera. Inandiyang'ana kaye, kenako inatseka pakamwa pang'onopang'ono, ngati ndabwera kudzabwereka mchere."

Anaika njere zofiira m'dzanja langa, n'kulipinda ndi manja ake awiri.

"Ziyadi anali wamwano," anatero. "Mwana wanga Ziyadi. Mwezi wamawa ndipitanso, inu muzikakhala m'bwato."